Galu wa malemu ku Woodlands

Fakitale yathu ya mapoto itagulitsidwa, ife opanda mapepala a sukulu anatigwila chanza pageti basi. Msana wanga unali utakana kale kunyamula matumba kumsika, ndiye ndinayamba nchito imene mkazi wanga ankaitcha ya ulesi: kugona m'nyumba za anthu akapita paulendo, kuthilila maluwa, kudyetsa agalu ndi amphaka.

Nchitozi tinkazipeza pathabwa la pashopu ku Kabulonga, pamene azungu ankamata timapepala. Ine kuwelenga ndimachita kukwawa, koma liwu la galu m'Chizungu ndinkalizindikila ndili patali. Popita kukapempha ndinkavala jekete ya kuchalichi, m'thumba muli tikapenta. Galu akandinunkhiza n'kugwedeza mchila, mwini nyumba ankati ndili ndi magazi okondedwa ndi nyama. Ine sindinkatsutsa, si ulemu kutsutsa bwana. Posankha ndinkapewa nyumba ya wanchito wokhalitsa, chifukwa supuni ikasowa wakuba ndiwe mlendo. Anzanga ankanenanso kuti nyumba imene mwangotuluka malilo usaiyandikile, katundu wake amakhala ndi eni ambili.

Dzinja lina dona wa ku Kabulonga anandilonjeza amphaka ake ndi fuliji yodzaza. Sabata yomweyo anamwalila folomani wathu wakale, Mbemba wa ku Luapula, munthu amene anandilowetsa nchito ndili wosadziwa kanthu. Ndinapita kumalilo ku Woodlands. Ife a kum'mawa ndi Abemba ndife ambuya, timanyozana ngakhale pamanda, ndiye tinaphika, kuwaza nkhuni, uku tikuwatonza kuti amadya anyani.

Mkazi wa malemu anali wa ku Katete ngati ine. Anandiitanitsa kuchipinda kumene anakhala pansi pakati pa azimayi, nandinong'oneza kuti achibale akutenga mtembo kupita nawo kwawo, ndipo iye ndi ana ake awili aang'ono akakhala komweko mpaka akamumasule pamwambo wa umasiye. Anali ataona kale alamu ake akusisita fuliji.

"Atate, ndigoneleni m'nyumba muno. Pobwela ana apeze pogona."

Mkazi wanga anati ndikulowa m'moto ndikuuona. Amphaka aja ndinawasiyila mnzanga.

Panyumbapo panali galu wa malemu, nkhalamba inzanga, mano atatha. Chakudya ankakana. Ngakhale kapenta wanga anangomununkhiza n'kuyang'ana kumbali. Ankagona pageti, galimoto ikadutsa n'kudzutsa mutu.

Loweluka lina masana lole inaima panja. Anatsika mng'ono wa malemu, amene anabwelela msanga kuchokela kumanda, ndi amuna ena awili. Ndinakhoma geti ndi loko yanga mkati, n'kumulonjela m'Chibemba mwa nthabwala, poti mbuya sakwiyila mbuya mnzake.

"Shani, ba mbuya? Lole yonseyi mwadzatuta anyani? Ku Woodlands kulibe."

Tsiku lina akanandibwezela kuti ndikununkha mbewa. Tsiku ilo sanaseke. Anati katundu wa mkulu wake ndi wa banja lawo, ndipo ine wadyela ndichoke. Pamenepo ndinapeka bodza labwino kuposa onse amene ndinapekapo. Ndinati galuyu wapenga chimwalilile mbuye wake, waluma kale wowelenga mita ya magetsi, ine ndemwe ndimamupatsa chakudya ndi mtengo wautali. Amuna awili aja anabwelela kukakwela pamwamba pa lole. Ndinati mumtima, zatheka.

Mlamu uja anatembenuka n'kukuwila dalaivala kuti asendeze galimoto. Mawu ake anali a malemu enieni, ngakhale ine tsitsi linandinyelenyesa. Galu anadzuka, kukwawila pansi pa geti, mimba ikukhula simenti, n'kuyamba kulila ngati kamwana, kunyambita nsapato za munthu uja, mpaka kudzikodzela ndi chimwemwe. Amuna aja anaseka, natsika.

Makiyi a m'nyumba anali nawo, anawatenga m'thalauzi la mkulu wake kuchipatala. Loko yanga anaiswa ndi sipanala. Oyandikana nawo anasuzumila pamwamba pa mipanda, wina n'kundiuza kuti za pabanja sitilowelela. Anatulutsa fuliji, sitovu, mabedi, makatani, mapoto a kufakitale kwathu aja, ngakhale makina osokela amene mayiyo anagula yekha ndi thukuta la madilesi. Atafika kuchipinda cha ana ndinadzigwetsa pamatilesi, n'kuwauza kuti akanditengele pamodzi ku Luapula, koma adziwe kuti ndimadya kwambili. Anandituka, nandisiya pomwepo. Nthawi yonseyo galu ankatsatila mlamu uja chipinda ndi chipinda, mchila uli gwedegwede. Lole itanyamuka anaithamangila. Ndinamuitana mpaka mawu kusasa. Ndinamufuna m'misewu yonse ya Woodlands, ndinafunsa ogulitsa makala ndi okonza matayala, koma sanaonekenso.

Ndinapitiliza kuthilila maluwa, poti ndiwo anatsala.

Mayi uja anabwela mwezi utatha, mutu uli wometa, ana ali m'mbuyo ndi kachikwama kamodzi. Analowa, kuyenda chipinda chilichonse, mapatapata ake akumveka ngati m'chalichi mopanda anthu. Sanalile. Anakhazika ana pamatilesi paja, n'kubwela pakhonde pamene ndinaima nditagwila chipewa.

"Galu ali kuti, atate?"

Ndinamuuza zoona, kuti anamva mawu a alamu ake n'kuyesa kuti mbuye wake wabwela. Anayang'ana kugeti.

"Nanenso kumanda alamuwo anandiitana ali kumbuyo kwanga," anatelo. "Ndinacheuka."

Kenaka anandipempha kuti ndikamubwelekele mbaula ndi kapoto kwa oyandikana nawo, ana anali asanadye chichokele ku Luapula.