Nsato ya Amake Mwiza Yasala Kudya

Ku Nabvutika kuno anthu amati a Whiteson sadafe kwenikweni. Akuti tidangokwirira bokosi, eni ake adabwerera kunyumba ali nsato, ndipo akazi awo, a Lenia, akuwasunga kuseri m'khola lawaya. Ine sindinkavomera, komanso sindinkakana. A Whiteson ndinkawadziwa: munthu wodya mpaka batani la malaya kuthothoka, kenako n'kugona padzuwa osatembenuka. Akadapatsidwa mwayi wosankha nyama yoti asanduke, sakadasankha gwape.

A Lenia, amake Mwiza, ankadziwa kumene njokayo idachokera, kungoti palibe ankafuna kumva. Maliro atangotha adapita kumunda kwawo ku Madzimoyo kukakumba mbewa, poti wowakumbira uja adali atagona. Tchire linali litangopsa. Pauna wina khasu lidafukula kamwana ka nsato, kotalika ngati mkono, kopsa pamsana. Wina aliyense akadakaphwanya mutu. Iwo adakayang'ana, nako kadawayang'ana, basi n'kukakulunga m'chitenje.

Zaka zidapita, kanthu kaja kadasanduka chinthu. Kutalika kuposa chitseko, kunenepa ngati ntchafu ya mlimi, khungu lake maangamaanga onga adachita kujambula munthu wosathamanga.

Kudyetsa kwake ndiye kunali kodabwitsa. A Lenia ankayamba ndi kusamba m'manja ndi sopo, kuti fungo la mbewa lichoke, njoka ingayese dzanja ndi ndiwo. Mbewa yofutsa, yothira mchere ija timaikonda ife, iyo sinkaiyang'ana n'komwe. Inkafuna yaubweya, yongophedwa kumene, ikadali yofunda. Ankaipana ndi kamtengo, n'kuigwedeza pang'ono pakhomo la khola. Lilime linkatuluka, kulowa, kutulukanso. Kenako phaa! Diso silinkaona chimene chachitika, unkangopeza mbewa yakulungidwa kale. Ndiye pakamwa paja pankatseguka, kutseguka, mpaka munthu kudzigwira chibwano chako. Osatafuna, osafulumira. Itakula adayamba kuipatsa mbira, ndipo ikameza imodzi inkagona masabata, iwo osaikhudza, chifukwa ukainyamula itakhuta imasanza.

Poinyamula sankaidzera kumutu ngati kabawi. Ankalowetsa manja pansi, m'mbali, n'kuisiya iyende yokha pamikono pawo, ikuyenderera ngati madzi olemera. M'khosi mokha ndimo sankailola.

Mavuto adabwera ndi chikondi. Mwiza, mwana wawo mmodzi yekhayo, adapeza mnyamata wa ku Kapata, dzina lake Jabulani. Zonse zinkayenda mpaka mphekesera idafika kwa amalume ake a mnyamatayo, a Lazaro, amenenso anali ankhoswe. Iwo adatumiza mawu achidule: mwana wawo sangakapereke moni kwa apongozi okwawa. Njoka ife, apo ayi ukwati palibe.

Ngati kuti izo sizikukwana, nsato idasiya kudya sabata ya Phulusa. Mbira idalowa m'khola n'kutulukamo osakhudzidwa. Nabvutika yense adaomba m'manja. Njoka yanji yodziwa Lenti? Ndi a Whiteson basi, akubweza masiku onse amene ali moyo sadasale ngakhale nthochi.

A Lenia tulo tidawathawa. Njoka inkatupa chakumchira, inkagona chammbali, kenako idalowa m'bokosi lake la udzu osatulukanso. Mwiza naye ankalira kuchipinda.

"Amama, mukusankha njoka kusiya ine?"

"Sindikusankha, mwanawe. Koma ndikaipha lero, mawa anena kuti ndapha atate ako kachiwiri. Ana ako adzakula akumva zomwezo."

Pasaka itadutsa, a Lazaro adabwera m'mawa, atavala jekete, chikwanje chili m'manja, korona ili m'khosi. Anansi adadzaza mpanda ngati kuli mpira.

"Mayi, sitinabwere kudzakangana," adatero a Lazaro. "Tingoona bambowo."

"Bambo ali kumanda, akulu. Kuno kuli njoka. Chikwanjecho siyani pakhomo, ndipo musapondetse mapazi, imamva pansi."

"Ikandilumphira?"

"Ikulumphireni chifukwa chiyani? Ndinu mbira?"

Anthu adaseka, a Lazaro adatsamiritsa chikwanje pakhoma, koma pafupi. A Lenia adasamba m'manja monga mwa masiku onse. Mumtima ankaopa kuti apeza yafa. Adagwada, n'kutukula chivundikiro cha bokosi pang'onopang'ono.

Nsato idafwenthera mwaukali, mpweya wake ngati tayala laphulika, zimene sidawachitirepo chiileredwere. Anthu a kumpanda ena adagwa chagada. A Lenia sadasunthe. Idali itadzipinda mulu waukulu, mutu pamwamba, maso ali gwa. Ndipo pakati pa mapindi akewo pankaoneka zinthu zoyera, zofewa, zomatana, zazikulu kuposa mazira a bakha.

A Lazaro adavula chipewa. Adasendera okha, munthu osawaitana, n'kugwada pambali pa mayiyo. Dzuwa linkagwera pakhungu la njoka, mitundu ikusinthasintha, iyo ikupuma pang'onopang'ono, itakumbatira chuma chake.

"Ambuye Mulungu," adanong'ona a Lazaro. "Ndiye kusala kuja?"

"Malo a chakudya m'mimba munalibe," a Lenia adayankha, misozi ikutsika. "Ine ndimati ikudwala."

"Nanga tambala wake ali kuti?"

"Palibe. Nkhuku siikira popanda tambala? Kungoti saswa."

A Lazaro adaimirira, kusasa fumbi m'mawondo, n'kutembenukira kumpanda.

"Inu a ku Nabvutika, a Whiteson mudakhala nawo zaka zonse zija. Alipo adawaona ataikira?"

Ine ndidaganizaganiza ndithu, poti munthu uja ankakhalitsa pamkeka, koma ayi, sindidaonepo.

"Asewere," adatero a Lazaro kwa a Lenia, "tsekani, ingazizidwe. Za tsiku la ukwati tikambirane m'nyumba."

Chikwanje adachiiwala pakhoma pomwepo, Mwiza ndiye adawaperekera ku Kapata madzulo.

Nsato ija si a Whiteson. Ndi njoka yaikazi, ndipo idaikira mazira.