Bakapu Inali Pansi pa Tebulo

Kompyuta ija inabwera ku Nsanje itakhala pamiyendo pa achimwene, m'minibasi yochokera ku Nchalo. Iwo anali kalaliki kumunda wa nzimbe, ndipo ofesi yawo itagula makina atsopano, akale aja anawagulitsa kwa antchito. Anatsika thukuta lili kamukamu, chibokosi chili kukhwapa, chigalasi chake chotupa kumsana atasenzetsa kondakitala.

"Chitaipi chako chija chasokosera mokwanira," anatero. "Anthu akumva mutu pamsika ponse."

Ine ndinkataipira anthu makalata m'chipinda chakumaso kwa nyumba yathu, kufupi ndi msika. M'nyumbamo tinkakhala awiri, ine ndi amayi. Mawindo ake agalasi anaikitsa ndi achimwene omwewo atangoyamba ntchito, kale pankangokhala timatabwa. Amayi ankawapukuta okha mawindowo, ndipo mwana wa aneba akayerekeza kumenyera mpira pafupi, ankamva Chisena chimene sanachimvepo chibadwire.

Pansi pa tebulo achimwene anaika batire la galimoto ndi kabokosi kolira ngati njuchi.

"Ichi kuofesi timati bakapu," anandiuza akugogoda batirelo ndi nsapato. "Magetsi akathima, ntchito yako sitayika. Ukakhala ndi bakapu, uzigona tulo."

Mawu amenewa ndinawasunga momwe anandipatsira. Nanga ndikanawakayikira chifukwa chiyani? Magetsi ankathimadi, kabokosi kaja n'kulira, ine n'kumaliza kalata ya munthu bwinobwino.

Chinthu china anachita mongoseweretsa. Anaika chithunzi chawo kuti chizituluka kompyuta ikangoyaka. Anaima padoko la Shire, malaya atapinda manja, atanyamula chimlamba chachikulu, akuseka mano onse pamtunda. Mlambawo sanagwire okha ayi, anachita kubwereka kwa asodzi. Amvekere, "Uzidziwa mwini wake."

Kenako anadwala, n'kutisiya. Chaka china madzi osefukira analowa m'nyumba. Kompyuta tinaikweza pamwamba pa kabati, koma katoni ya zithunzi inali kunsi kwa bedi, ndipo madzi ataphwera tinapeza nkhope zonse zitasungunuka. Chithunzi cha achimwene chomwe chinatsala padziko pano chinali chamlamba chija basi. Ndinayesapo kuchisindikiza, koma sindinadziwe komwe chimakhala m'kati mwa makinawo. Chinkangotuluka chokha ukayatsa, ndiye ndinati bola chikutuluka.

Kuyambira pamenepo amayi ankalowa m'chipinda changa m'mawa uliwonse ndisanatsegulire makasitomala.

"Ndiyatsire mwana," ankatero.

Kompyutayo inkachedwa kuyaka moti unkatha kusesa khonde lonse. Iwo ankadikira chiimire, manja kumbuyo. Nkhope ija ikatuluka ankapereka moni wam'mawa wakwawo, "Wacherwa, mwananga?" Kenako ankamuuza za mtengo wa nsomba, za mwendo wawo, za ine kuti ndikuuma mutu. Akatha ankatuluka, ntchito n'kuyambika.

Vuto linadza pamene makalata ofunsira ntchito anayamba kutumizidwa pa intaneti. Ndinagula kandodo kolumikizira intaneti kobaya kumbuyo kwa kompyuta, ndipo poyamba zinkayenda. Koma pang'onopang'ono masamba anayamba kukana. Lina linkatseguka theka, lina loyera mbee, lina n'kundilembera Chingerezi chachipongwe choti bulawuza yanga ndi yakale. Bulawuza n'chiyaninso? Mphunzitsi wina wodikira kalata yake anandilozera kachizindikiro kamene ndinkadina tsiku ndi tsiku polowa pa intaneti, amvekere ndi kameneko. Ndinati chabwino, ndiike katsopano. Katsopanoko kanakana, akuti kompyuta yanga ndi yakale. Aa! Kakale akukakana, katsopano kakundikana, ndiye ine ndilowere kuti? Makasitomala anayamba kudutsa pakhomo panga akuyang'ana kumbali.

Ndinaitanitsa bambo wina wa ku Bangula amene ankakonza mafoni ndi makompyuta. Anali munthu wamkulu ndithu, wa imvi m'mbali, waulemu wake. Anafika m'mawa wa mwezi wotentha uja, nthawi imene ngakhale mbuzi zimakana kuchoka pamthunzi. Anadinadina, n'kupukusa mutu.

"Mayi, bulawuza ilibe mlandu. Vuto ndi mawindo anuwa. Ndi akalekale. Tichotse, tiike atsopano."

Amayi anali pakhomo ndi tsache. Tsachelo linagwa.

"Nkhabe!" anakana mokuwa m'Chisena. "Mawindo ati? Anaika mwana wanga awa? Munthu wabwerera wailesi yakeyi, mawindo akumukhudza chiyani?"

Bambo aja anayesa kufotokoza kuti mawindo amene akunena ali m'kati mwa kompyuta. Amayi anasuzumira kumbuyo kwa chibokosi chija, anangoona fumbi ndi nthambo. Ine ndinayesa m'Chichewa, ndinayesa m'Chisena, koma kunena zoona nanenso sindinkadziwa chimene ndikufotokoza. Ndinkangobwereza kuti ndi dzina chabe, amayi, ndi dzina chabe.

"Dzina la chiyani?"

Funso limenelo linandikanika. Ndinaseka, bambo aja anasekanso chapansipansi, ndipo amayi anatiyang'ana ngati anthu amene apangana zoba. Anatenga mpando wawo ndi ndodo n'kukakhala panja, pansi penipeni pa windo la chipindacho, padzuwa. Anati aone amene abwere ndi hamala.

Titatsala awiri, bambo aja anatulutsa chimbale chonyezimira m'chikwama. Asanachilowetse anatembenuka n'kundifunsa bwinobwino, sindingawanamizire.

"Mayi, bakapu muli nayo?"

"Ilipo."

"Ya zonse?"

"Zonse. Sinandikhumudwitsepo."

Ndinalozanso ndi phazi pansi pa tebulo. Iwo akuti anaona ngati ndikuloza kabati ya mapepala imene inali pambali pake. Kaya. Anangoti, "Mwachita bwino, ambiri sasunga." Ine ndinamva kukoma, ndinati achimwene anandisiyira zinthu zolongosoka.

Zimene zinatsatira sindinazimvetse ngakhale chimodzi. Galasi linada, linachita buluu, linalemba manambala okwera pang'onopang'ono. Kompyuta inazima yokha n'kuyakanso yokha. Ndinafunsa ngati yafa, anati ayi, ikuganiza. Anaitsegula m'mimba n'kubayamo kachitsulo kena kobiriwira, akuti mawindo atsopano ndi olemera, nkhalambayi singawanyamule popanda kuiwonjezera mphamvu. Pakati pa ntchito magetsi anathima, kabokosi kaja kanalira, makina osazima. Ndinawayang'ana monyada.

"Mwaiona bakapu?"

Anaseka. Ndiye kuseka kuja kunazilala pang'onopang'ono. Anayang'ana batire, anayang'ana ine.

"Mayi, bakapu imene mumanena ija ndi imeneyi?"

"Nanga pali inanso?"

Anavula magalasi n'kupukuta kumaso ndi kansalu. Anati bakapu imene ankafunsa iwo ndi kukopera zinthu zonse za m'kompyuta n'kuzisunga pena, chifukwa poika mawindo atsopano, zakale zonse zimafufutika. Ndinati iyayi, bakapu ndi yoti ntchito isatayike, anandiuza ndi achimwene, ndipo ankagwira muofesi yeniyeni. Anati inde, imeneyonso ndi bakapu. Ndinati ndiye vuto lili pati? Anati ndi bakapu ziwiri zosiyana. Mawu amodzi, zinthu ziwiri! Anthu opanga zinthuzi mawu anawathera kodi? Windo si windo, bakapu si bakapu, ndiye munthu uziyankha bwanji akakufunsa?

Za makalata a anthu sindinadandaule, amenewo ndikanataipanso. Ndinangofunsa chinthu chimodzi.

"Chithunzi chija chituluka?"

"Chithunzi chiti?"

"Munachiona poyatsa. Munthu wonyamula mlamba."

Anavalanso magalasi awo. Kunja ndinkamva amayi akuthamangitsa nkhuku ndi ndodo yawo.

Ndinawauza bambo aja kuti munthuyo ndi ndani. Anayesetsa, zimenezo ndiwachitire umboni. Minibasi zobwerera ku Bangula zinadutsa iwo ali pompo, nkhomaliro anakana. Anaika pulogalamu ina yofukula zofufutika, ndipo inafukuladi zinyalala zambiri: theka la kalata yopempha malo, nyimbo zakwaya zoduka pakati, zithunzi za mathirakitala akumunda wa nzimbe. Chilichonse chikatuluka ndinkasendera pafupi. Mlamba sunatuluke. Anati zatsopano zagona pamwamba pa zakale, ngati mchenga umene Shire amasiya padimba akasefukira.

Ndinawakalipira, iwo anapepesa. Kenako ndinapepesa ine, iwo n'kumati ayi, akanafunsitsa. Mpaka lero ndikaiganiza nkhaniyi mutu umangozungulira, chifukwa iwo anafunsa zoona, ine ndinayankha zoona, ndipo achimwene sanandinamize.

Pochoka bambo aja anandionetsa kuti masamba onse akutseguka tsopano, mwachangunso. Ndinangogwedeza mutu. Panja amayi anaimirira n'kuyendera mawindo awo limodzilimodzi, akugogoda galasi ndi chikhadabo. Onse anali m'malo mwake. Anawaponyera bambo aja diso lachipambano, n'kuwauza kuti ayende bwino. Madzulo amenewo amayi anadya mosangalala, akundiseka kuti ndikanakhala ndekha akanandigulitsa ndi zitseko zomwe. Ine za chithunzi sindinawauze.

M'mawa mwake analowa monga mwa masiku onse.

"Ndiyatsire mwana."

Ndinati, "Amayi, khalani pansi kaye." Anakana, anati kuyambira liti. Ndinadina batani. Sinachedwenso ngati kale, inayaka msangamsanga ndisanakonze n'komwe chonena. Pagalasi panatuluka mdima wabuluu, ndipo chakumanja kwake chithunzi cha windo lamagalasi anayi, kuwala kukulowera pamenepo. Munalibe munthu.

Amayi anadikira, manja kumbuyo. Ankaganiza kuti mwina akubwera. Anasendera pafupi, anasuzumira m'windo lija mbali iyi ndi mbali iyo, monga umachitira pakhomo pa munthu ukagogoda osayankhidwa.

"Ali kuti?"

Ndinayamba kufotokoza za bakapu, kuti zilipo ziwiri, kuti ina ndi batire koma ina si batire. Ndinkadzimva ndekha kuti ndikubwebweta. Misozi inanditsekereza, ndinasiyira panjira.

Sanakuwe. Anatambasula dzanja n'kukhudza galasi paja pankakhala nkhope, n'kupukutapo ndi nsonga ya chitenje, kawiri. Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Ndinakuuza ine," anatero motsitsa mawu. "Ndinati munthuyu asakhudze mawindo."