Madontho Akuda pa Matabwa a Oki ku Sandton

Ntchito yanga yoyamba ku Joni ndinaipeza kutchalitchi, ngakhale sindinganame kuti n'chifukwa chopemphera kwambiri. Tinkasonkhana mu holo ina ku Berea, ndipo mapemphero akatha tinkangozungulirazungulira pakhomo kufunsana za maganyu. Ndinali nditatha miyezi inayi ndikugona pakatoni mufulati ya msuweni wanga ku Hillbrow, masiku a papasipoti atatha kalekale. Lamulungu lina a Mbewe, mkulu wa kwathu ku Dedza amene wakalambira konkuno, anandigwira dzanja n'kulitembenuza kuti aone zikhatho.

"Munagwirako thabwa inu?"

Ndinati ndinkakhoma mipando ndi mabokosi a maliro pa Linthipe.

"Zimenezo muiwale. Mawa sikisi koloko ndikupezeni pa renki ya matekisi."

A Mbewe anali kapitawo pa kakampani koyala matabwa pansi ndi kukhoma makabati a m'khitchini. Nyumba yoyamba imene ananditengera inali ku Sandton, ya mayi wina amene tonse tinkangomutchula kuti madamu. Mayiyu ankadziwa chimene akufuna, ndipo anali ndi zithunzi zambirimbiri mufoni. Ankafuna pansi pa mtengo wa oki woyera mbuu, matabwa ake aatali oloza kuwindo kuti khitchini ioneke yotakasuka. Matabwa omwewo apitirire osaduka mpaka m'pantiri, kachipinda kosungiramo zakudya kaja, kuti kasaoneke ngati kakhola. Makabati a m'munsi akhale obiriwira moderako, a m'mwamba oyera, ndipo m'pantirimo mukhale mashelefu opanda zitseko, okhala pa mabulaketi achitsulo akuda. Ine ndinkaseka chamumtima kuti munthu angawononge chuma chonsechi pokongoletsa malo oikapo shuga. Koma zitayamba kuoneka, ndinavomereza kuti mayiyo anali ndi diso.

Ntchitoyi si ya phuma. Matabwa amayamba agona m'nyumbamo sabata yathunthu kuti azolowere mpweya wake. Simenti timaiyeza ndi kamakina koona chinyezi, kenako timapaka guluu ndi chipande cha mano, n'kumayala thabwa limodzilimodzi, kusiya mpata wa mamilimita khumi kukhoma kuti thabwa likafufuma lisatukuke. Tikatha timapala ndi makina, kuyambira sandipepa wokhakhala mpaka wosalala. Pomaliza timapaka mafuta osakaniza ndi utoto woyera pang'ono kuti oki asadzasanduke wachikasu. Pakati pa kupala ndi kupaka mafuta, thabwa limakhala lamaliseche. Chilichonse chimene chaligwera limamwa.

M'nyumbamo munkagwira ntchito mayi wina wa ku Ntaja, Abiti Sumani. Anali atakhalamo zaka zisanu ndi chimodzi, akugona m'kachipinda kakuseri kwa galaja. Ana awo atatu anali kumudzi ndi agogo awo, ndipo ntchito imeneyi ndiyo inkawadyetsa ndi kuwaphunzitsa. Atamva tikulankhula Chichewa tsiku loyamba anaima pakhomo ndi tsache m'manja, nkhope yonse mwee. Kuyambira pamenepo teni koloko iliyonse tinkapeza tiyi ndi buledi pakhonde lakuseri. Ine ankanditchula kuti achimwene, ndipo ankandinena kuti ndimamwa tiyi ngati wothawa nkhondo.

Lachisanu la sabata yachitatu tinali titamaliza kupala. A Mbewe anauza madamu kuti pasapondedwe ndipo pasagwe madzi mpaka Lolemba. A Mbewewo anatenga baki, galimoto yathu yonyamulira katundu, kukagula mafuta aja, n'kundisiya ndikhome mabulaketi m'pantiri. Nditayesa loyamba ndinapeza kuti onse ndi aatali, atuluka kunja kwa shelefu ndi masentimita awiri. Ndinatenga gilayinda, makina odulira zitsulo, kuti ndikadulire panja, koma mvula ya kuno mukuidziwa, imabwera ngati yatumidwa. Kunagwa matalala, pakhonde ponse madzi okhaokha. Ndinaganiza kuti a Mbewe akandipeza nditakhala chabe andiona waulesi. Ndinagwada pakhomo la pantiri, n'kudula mabulaketi khumi ndi awiri pomwepo, moto uli thethethe kulowera kukhitchini. Nditatha ndinasesa bwinobwino. Pansi panali poyera ngati poyamba, ndipo ndinadziona wochenjera.

Lolemba m'mawa geti litangotseguka tinamva mawu a madamu. Titalowa, ndinayang'ana pansi. Kuyambira pakhomo la pantiri mpaka pakati pa khitchini, oki yense anali ndi timadontho takuda tosawerengeka, ngati munthu wawaza tsabola. Abiti Sumani anali ataima pafupi ndi sinki, manja atagwira epuloni. Anavomera kuti Loweruka anapukutapo ndi mopu yofinya, chifukwa fumbi linkalowa m'nyumba monse ndipo madamu anadandaula. Madamu ankati anawauza za madzi. Abiti Sumani ankati sanauzidwe. Amene ankanena zoona sindikumudziwa mpaka lero.

Chimene ndinkadziwa n'chakuti madonthowo sanali paliponse pamene mopu inadutsa. Kumbali ya firiji kunali koyera. Anayambira pamalo amodzi, n'kumwazikira kutsogolo monga mmene moto wa gilayinda unkathethekera. Malo amodziwo ndi pamene ndinagwada ine.

A Mbewe ananjuta, n'kupalasa ndi chikhadabo. Anayang'ana mabulaketi odulidwa kumene aja, kenako anandiyang'ana ine. Sanandiyang'ane nthawi yaitali.

Madamu anafunsa m'Chingerezi kuti, "Ndi madzi achita zimenezi, eti?"

"Madzi afikapo, madamu," anatero a Mbewe.

Sananame, koma sananenenso zoona. Madamu anatembenukira kwa ine n'kufunsa ngati ndinaona chilichonse Lachisanu. M'mutu mwanga munadutsa pasipoti yakutha ija, katoni ya ku Hillbrow, ndi basi yobwerera kumudzi chimanjamanja. Ndinapukusa mutu. Ndinachita mantha, basi, palibe dzina lina loti ndipatse zimenezo.

Madamu anauza Abiti Sumani kuti alongedze katundu wawo, pofika madzulo kachipinda kaja kakhale kopanda kanthu. Mayiwo sanalire, sanachondererenso. Anavula epuloni, n'kuipinda kanayi, n'kuiika pa sinki.

Madamu atakwera galimoto kupita kuntchito, a Mbewe anapita ku baki n'kubwera ndi kachitini ka ufa woyera. Anati ndi asidi wotsukira matabwa. Anausungunula m'madzi ofunda, n'kundipatsa magolovesi ndi bulashi.

"Oki ali ndi madzi ake owawa m'kati," anatero osandiyang'ana. "Akakumana ndi fumbi la chitsulo pali chinyezi, amada. Madzi okha sangachite zimenezi. Pakani."

Ndinapaka thabwa lililonse kuyambira kukhoma mpaka kukhoma. Madontho aja anayamba kuzimiririka ndikuona ndi maso angawa. Pofika thu koloko panalibe ngakhale limodzi. Panangotsala kutsukuluza, kudikira kuti paume, kupalanso pang'ono ndi kupaka mafuta. Zimene zinachotsetsa munthu ntchito ya zaka zisanu ndi chimodzi zinatha ndi ufa wosadzaza n'kapu yomwe.

Ndinati, "Abambo, ndiye tiwauze madamu kuti zatheka, mwina awabweza."

"Tikawauza kuti zinali zachitsulo, afunsa kuti chitsulo anadula ndani. Kampani ichotsedwa pano, inu muthamangitsidwa, ine bwana wa kampani andidya wamoyo. Mwasankha kale m'mawa muja. Gwirani ntchito."

Ndinakwiya nawo, koma mkwiyo wake unali wabodza. Pakamwa ndinali napo panga.

Cha m'ma folo ndinatuluka kukataya madzi, n'kukumana ndi Abiti Sumani pageti. Anali ndi zikwama ziwiri zamizeremizere zija ndi ketulo m'manja, akudikira mlonda awatsegulire. Ndinafuna kubwerera koma anali atandiona kale.

"Zayera, achimwene?"

Ndinati zayera.

"Chabwino." Anasintha dzanja lonyamulira ketulo. "Lachisanu lija ndinabwera kudzatenga makapu. Ndinakuonani mukudula zitsulo zanu, moto uli pansi ponse. Ine za matabwa sindizidziwa, koma m'mawa muja nditaona pamene pada, ndinadziwa."

Ndinafunsa chifukwa chimene sananenere.

"Ine mapepala ndili nawo, inu mulibe. Akanakuitanirani apolisi. Ndiye ndinati ndisakutchuleni ine, mudzitchule nokha, mwina akumverani chisoni. Ndinadikira."

Mlonda anatsegula geti, iwo n'kutuluka kulowera kokwerera matekisi. Sindinawanyamulire ngakhale chikwama chimodzi. Ndinangoima ndi ndowa yanga.

Khitchini ija tinaimaliza Lachinayi, ndipo inakongola kwabasi. Madamu anaijambula n'kutumizira anzake, mwa anzakewo tinapezamo ntchito zina ziwiri. Ine ndinakhala ndi a Mbewe zaka zinayi. Lero ndili ndi mapepala, ndimayala ndekha, ndipo anthu amandifunsa nzeru za mtundu wa makabati oyenerana ndi pansi poyera. Ndimawauza. Ndimawauzanso kuti chitsulo sichidulidwa m'nyumba mmene muli oki wosapaka mafuta, kaya kunja kukugwa matalala aakulu bwanji, ndipo lamulo la madzi ndimakauza ndekha munthu wogwira mopu, osati bwana wake.

Koma zimenezo ndi zophweka. Chimene ndinaphunzira movutika n'chakuti pa nyumba za anthu olemerawa, chinthu chikalakwika mlandu umagwera amene ali pansi pa onse, ndipo umagwa msanga, tiyi asanazizire. Ukati ulankhula mawa, wachedwa. Ndiye ndikalakwitsa ndimanena pomwepo, mwini nyumba asanayambe kuyang'ana wantchito wake. Kawiri konse zandichotsetsa ntchito, ndipo sindinadandaule.

Abiti Sumani ndinawafunafuna. Ndinafunsa kwa azimayi a ku Machinga ogulitsa pamsewu ku Hillbrow, ndinafunsanso pamzikiti wina ku Berea. Wina anati anapita ku Pretoria, wina anati anabwerera ku Ntaja chaka chomwecho ana atasiya sukulu. Nambala yawo ya foni imene anandipatsa mlonda uja ndimaiimbabe mwa apo ndi apo. Imayankhidwa ndi bambo wina wolankhula Chizulu, amene anatopa nane kalekale.