Mudzi wa amayi sunali pa linki

Ndinagwira ntchito zaka zinayi ku kabungwe kena ka zaulimi pa boma la Phalombe, ndipo pali tsiku limodzi limene ndikalikumbukira mtima umandiwira mpaka lero.

Ntchito yanga inali yolemba mabanja. Ndinkayenda m'midzi ya kwa Chiwalo ndi foni ya ku ofesi, khomo ndi khomo, ndipo mayinawo ankakasungidwa m'kompyuta yaikulu ku Blantyre. Tikafuna mndandanda wa anthu olandira mbewu, abwana athu ankangodina linki imodzi ya pa intaneti imene anatikonzera katswiri wina wa kumeneko. Inali yaitali ngati chingwe choyanikapo zovala. Kumapeto kwake kunali manambala a midzi yathu isanu ndi itatu, ondondozana, pakati pake kampatuliro. Pulogalamu yotulutsa malipoti inkawerenga manambalawo n'kutipatsa mabanja a m'midzi yokhayo basi.

Chaka china mudzi wa kwathu, umodzi mwa midzi isanu ndi itatu ija, unagawanika. Za ufumu mukuzidziwa: mbumba ina inalonga mfumu yakeyake, mudzi umodzi n'kusanduka iwiri. Amayi anga anapezeka ali m'mudzi watsopano osasuntha ngakhale mtondo. Ku Blantyre mudziwo anaupatsa nambala yake, mabanja ake n'kuwasamutsira pa nambala imeneyo. Koma linki ya abwana inakhala momwe inalili, ndi midzi isanu ndi itatu yakale ija.

Madzi atakokolola chimanga, kunabwera mbewu ya chinangwa yoti tigawe. Mndandanda utatuluka ndinaona kuti wafupika. Dzina la amayi munalibe, la amalume munalibe, mudzi wonse watsopano munalibe. Nditayang'ana kumapeto kwa linki ndinaliona vutolo poyera. Chimene chinkafunika chinali kampatuliro kamodzi ndi nambala imodzi.

Ndinawafotokozera abwana mwaulemu wonse, manja kumbuyo. Iwo anati linkiyo anaikonza ndi anthu ophunzira, ndipo tikaigwiragwira iwonongeka. Ndinati ndiye tiimbire katswiri uja. Anati ntchito yake ndi ife inatha kalekale. Kenako anavula magalasi n'kundifunsa pamaso pa anzanga onse:

"Kodi mudzi umenewu si kwanu, achemwali? Ndiye mukufuna kompyuta idziwe amayi anu?"

Anthu anaseka. Munthu amene sanapondepo kwa Chiwalo nthawi ya dzinja, woopa kudetsa nsapato, kundisandutsa ine wakuba chifukwa cha mitengo ya chinangwa! Ndinaluma mano n'kubwerera pampando panga.

Masana abwana anapita kukadya, kompyuta yawo n'kuisiya yotsegula. Ndinakhala pampando wawo, ndinalemba kampatuliro ndi nambala ya mudzi watsopano, n'kudina. Sichinawonongeke chilichonse. Mndandanda unatuluka wathunthu, ndipo dzina la amayi ndinaliona ndi maso angawa. Makina osindikizira anali pomwepo, mapepala alimo.

Sindinasindikize. Ndinakumbukira mtsikana amene ankagwira ntchitoyi ine ndisanabwere, yemwe anachotsedwa atamunamizira kuti amalowetsa abale ake. Ndinali ndi ana awiri a sukulu. Ndinafufuta nambala ija ndi chala changa chomwe, n'kukonza mpando kuti usaoneke kuti panakhala munthu. Abwana aja ndimadana nawo, sindibisa, koma amene ndimamukwiyira kwambiri pa nkhaniyi ndi ine ndemwe. Njira ndinkaidziwa, ndinaiyesa, inatheka, ndipo mantha anandigwira mkono.

Tsiku logawa tinakumana pabwalo la mpira. A m'mudzi watsopano anabwera onse, ena ndi njinga zoti anyamulirepo, poti mizere kumunda anali atapanga kale. Akanakayika bwanji, pamene anadzawalemba ndi mwana wawo yemwe? Abwana anakhala m'galimoto, magalasi otseka, akuti akuyankha mafoni. Woitana mayina ndinali ine.

Ndinaitana mpaka pepala lomaliza. Mitolo inatha, lole inatsala ndi makungwa okhaokha. Anthu akwathu anali chikhalire pa udzu, kudikira kuti mwina pali pepala lina. Amalume, achimwene awo a amayi, anaimirira n'kufunsa ngati ndatha. Ndinayankha kuti kompyuta sinatulutse mayina awo. Bodza limenelo linatuluka m'kamwa mwanga mosavuta, ndipo limandichititsa manyazi kuposa china chilichonse chimene ndinalankhulapo.

Panalibe amene anatukwana. Bola akanatukwana, ndikanapeza woyankhana naye. Anayamba kudzuka mmodzimmodzi, kusasa zitenje. Amayi anapinda chingwe chimene anabwera nacho chomangira mtolo, anadza pamene ndinaima ndi mapepala anga, anapinda maondo pang'ono monga amachitira kwa alendo a ku boma.

"Zikomo, amadamu," anatero. "Muyende bwino."