Tinkhuku ta masokosi ta a Jailos

Ku Milonde mukafunsa za a Jailos, ngakhale wogulitsa tomato akulozerani: ndi aja a tinkhuku ta masokosi. Anayambitsa dzinali ndi akazi awo, malemu a Marjory, tsiku lomwe a Jailos anabwera nato m'dengu atapuma ntchito yosamalira maluwa kunyumba ya bwana wa pa esiteti ya tiyi. Anzawo ankabwerako ndi njinga kapena malata. Iwo anapempha katambala ndi kathadzi.

Tinkhukuto sitinkaposa nkhunda, nthenga mpaka kuzala za kumapazi ngati tavala masokosi, koma kayendedwe kake ngati eni mudzi. Kuikira kunali kwaulesi: lero dzira, mawa tchuthi, mvula ikachuluka n'kusiyiratu. Dziralonso n'kadzira chabe, kongoponya m'kamwa kamodzi. A Marjory ankati tinkhuku totere tinatengera mwini wake, kukongola kokha. Komatu ndi iwo omwe ankatitsekera kuti atambala a m'mudzi asasokoneze mtundu, ndipo Lamulungu lililonse ankakazingira amuna awo timazirato ndi anyezi, uku akudandaula kuti mafuta akungopita pachabe. Madandaulo amenewo a Jailos amawasowa mpaka lero.

Chaka chatha chitopa chinasesa khola. Katambala komaliza katafa, kanatsala kathadzi kamodzi. A Jailos ankadziwa kuti mazira a masiku oyamba tambala atangofa amaswa ndithu, koma akadutsa amenewo mtundu watha, ndipo Mulanje yonse analibe koti akapemphe wina. Anatola anayi, nawalemba mtanda ndi khala monga amachitira ndi mazira oti afungatiridwe, n'kuwaika m'nsengwa ya madeya kudikira kuti kathadzi kakhalire.

Kenaka malungo anawagwetsa. Mwana wawo Angella anabwera kuchokera ku Blantyre, n'kuwapeza ataonda, phala akukana. Iyeyu anakulira kusukulu zogonera komweko. Za kukhola sankazidziwa, koma za Lamulungu ankazikumbukira bwino.

M'mawa wa Lamulungu a Jailos anadzutsidwa ndi fungo la anyezi. Asanafunse n'komwe, Angella analowa ndi mbale, nagwada pambali pa mphasa.

"Ababa, ndakazinga monga ankachitira amayi. Anali akuda ndi makala, ndachita kuwatsuka."

A Jailos anayang'ana m'mbalemo nthawi yaitali. Panja kathadzi kaja kankapalasa kokhakokha. Zinawapweteka, kunena zoona, kuposa malungo aja. Koma madzi akatayika saoleka, ndipo mwanayo anali chigwadire pomwepo, nkhope yonse ya amayi ake, kudikira kuti aone ngati bambo ake adya.

A Jailos anasamba m'manja, nadya zonse, mpaka kukombeza ndi chala.

"Mafuta wachulutsa," anatero. "Amayi ako akanadandaula."