A Ndevu, a Magalasi ndi Bedi Langa

Ndikukumbukira chaka chimene ndinagona pabedi koyamba. Kwathu ku Msakambewa nyumba yathu inali ya zipinda ziwiri, china cha bambo ndi mayi, china cha achimwene anga a Lemekezani. Ine ndinkagona pamphasa pabalaza ndi ang'ono anga awiri, amapasa, amene ankasinthana ntchito yonyowetsa zofunda mokhulupirika ndithu, lero uyu mawa uyo. Choncho achimwene atasankhidwa kupita ku koleji ya zauphunzitsi, abale onse ankavinira maphunziro, ine ndinkavinira bedi. Linali lachitsulo, lolira ukatembenuka, matiresi ake atatha pakati, koma linali louma.

Chisangalalo changa sichinakhalitse. Nyengo yothyola fodya achimwene anatulukira ndi chikwama, nkhope ili yakugwa. Anali atalephera phunziro limodzi, ndipo anawapatsa mwayi womaliza woti akalembenso. Akalepheranso, basi, abwerere kumudzi. Bambo atamva anaganiza za khasu, mayi anaganiza za manyazi kutchalitchi, ine ndinaganiza za mphasa. Tsiku lomwelo anandibweza pabalaza, akuti mongoyembekezera, ndipo amapasa anandilandira monga mwa mwambo wawo.

Vuto lonse linali buku limodzi lachingerezi, lachikuto chabuluu, lolemera moti mayi tsiku lina anatchingira nalo chitseko kuti mphepo yochokera kumapiri isachimenyetse. Achimwene sanali aulesi ayi. Ankadzuka, kusamba, kuvala malaya a kolala, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango ndi cholembera chofiira. Ankayambira tsamba loyamba lenileni, pamene wolemba amathokoza mkazi wake, ndipo ankadula mzere pansi pa mawu alionse ooneka ofunika. Poti onse ankaoneka ofunika, tsamba lonse linkafiira. Pakapita kanthawi mutu unkayamba kuvomera zinthu zimene palibe wanena, kenako buku lili pankhope, mkonono n'kuyamba. Mawa lake ankayambiranso kwa mkazi uja.

Ndinaona kuti ndikangokhala manja lende ndidzakalambira pamphasa, ndiye ndinadzilemba ntchito. Ndinali nditamva kusukulu kuti a sitandade 8 amaviika mapazi m'madzi ozizira kuti asagone. Ndinatunga madzi a kudambo m'beseni, achimwene anathokoza, anaviika mapazi, ndipo anagona bwino kuposa masiku onse, abakha a oyandikana nawo nyumba akumwa madziwo pakati pa miyendo yawo. Ndinawapatsa tsabola wa kambuzi kuti azitafuna. Anatafuna, kenako anatikita m'maso ndi chala chomwecho, ndipo tsiku limenelo sanagone, komanso sanawerenge, anangonditchula mayina amene sindingalembe pano. Ndinamangirira mbuzi ku mwendo wa mpando wawo kuti ikamakoka azidzidzimuka. Mbuziyo sinakoke. Inadya chikuto cha buku pamodzi ndi tsamba la mkazi uja.

Nzeru yomaliza inandibwerera ndikutsuka beseni. M'mudzi monse munali malo amodzi okha amene munthu sakanatha kugonapo: m'chigafa, mmene azakhali athu a Nangondo, mlongo wawo wa bambo, ankasoka fodya ndi amayi ena. Azakhaliwo pakamwa pawo sipankatseka. Ankadziwa amene wakangana ndi mwamuna wake, amene wabwereka mchere osabweza, ngakhale amene akuganiza zoyamba kukangana sabata yamawa. Ndinawanamiza achimwene kuti mu mtengo wa mango ndaonamo njoka, ndipo mpando ndinaunyamula ndekha.

M'chigafa munali fungo lowawa la fodya wamuwisi, masamba atalendewera pa mikangala, manja a aliyense atada bii ndi utomoni. Achimwene anakhala pakona n'kuyamba kuwerenga chamumtima, milomo ikugwedera. Azakhali anapirira kanthawi kochepa kwambiri.

"Iwe Lemekezani, ukungong'ung'udza wekha ngati ukulodza munthu. Akuti chiyani m'menemo?"

"Ndi zovuta izi, azakhali. Ndi za maphunziro apamwamba."

"Ine ndafunsa kuti akuti chiyani."

Achimwene anawerenga chiganizo chimodzi chachingerezi, chachitali moti anapumira pakati. Azakhali anati iwo sanatume munthu kuti awaimbire nyimbo, akufuna nkhani. Achimwene anabwerera pa ndime ija, ndipo pamapeto pake anati munthuyu akunena kuti mwana amabadwa ndi nzeru zake kale, mphunzitsi amangoonjezerapo pang'ono.

"Munthuyo akuuza ndani zimenezo?" anafunsa azakhali.

"Palibe, azakhali. Ndi buku chabe."

"Munthu salankhula motero popanda amene wamuputa. Tafufuza bwino."

Anavundukula masamba monyinyirika, ndipo anamupezadi woputayo: wolemba wina amene ankati mwana amaumbidwa ndi anthu amene akukhala nawo. Onse awiri zithunzi zawo zinalimo. Azakhali anapukuta chala pachitenje, anayang'anitsitsa, n'kuwapatsa mayina pomwepo: woyamba uja a Ndevu, woputayo a Magalasi. Anati a Ndevu akungooneka kuti ndi munthu woti akabwereka khasu amabweza mpini wokha.

Kuyambira tsiku limenelo chigafa chinagawanika. Mayi wina amene ana ake onse ankabwereza kalasi anali mbali ya a Ndevu, akuti nkhaniyo ikumveka, anawo anatengera kuchimuna. Azakhali anali mbali ya a Magalasi, makamaka chifukwa mayi uja anali wa a Ndevu. M'mawa uliwonse moni wolandirira achimwene unali wakuti, "Nanga wamuyankha bwanji?" Amayiwo analibe chipiriro chodikira tsamba ndi tsamba, ndiye achimwene anaphunzira kuyang'ana mitu kaye, kudumphira kumapeto kuti aone kumene mlandu wathera, n'kubwerera kudzafuna umboni. Azakhali sankalola mawu opanda mboni. A Ndevu akanena kanthu ankafunsa kuti anawaona ana a ndani, angati, ndipo makolo awo anali anthu otani. Cholembera chofiira chija chinayamba kugwira ntchito pokhapokha pamene wina wamugwira mnzake pakhosi.

Chakumapeto kwa buku kunabwera wolemba wachitatu amene anati onse awiri akulondola. Ameneyu chigafa chonse chinamuda. Azakhali anamutcha nthirakuwiri, anati anthu otere ndi amene amaononga milandu. Bambo ankadandaula kuti fodya akuchedwa kusokedwa chifukwa cha miseche ya azungu, komabe ndinawapeza kangapo ataima kuseri kwa mzati, akunamizira kukonza chingwe.

Tsiku lobwerera ku koleji tinawaperekeza achimwene mpaka pamsewu, buku lopanda chikuto lili m'khwapa, masamba ake ali ndi zidindo zakuda za zala za azakhali. Minibasi itangonyamuka ndinathamanga kukasamutsa zofunda zanga. Bedi linalira monga kale, ndipo ndinasangalala. Koma mawa lake nditalowa m'chigafa ndinapeza mpando uli pakona wopanda munthu, amayi akusoka ali chete, ngakhale azakhali amene. Ndinakhala pampandopo n'kuyamba kulira. Ndinali nditalimbana nyengo yonse kuti munthuyo achoke, ndipo tsopano ndinkamusowa.

Uthenga unabwera fodya atapita kale kumsika, wakuti achimwene akhoza. Mayi analulutira, bambo anapha tambala, azakhali anazungulira mudzi wonse kulengeza kuti a Magalasi apambana.

Lero ndimaphunzitsa pa koleji ina, ndipo ntchito yanga ndi kuthandiza ophunzira a chaka choyamba kuwerenga mabuku ovuta ngati lija. Mabuku awo ali m'foni, cholembera chawo ndi chachikasu, koma tsamba limathabe lonse lili lachikasu. Ndikawafunsa kuti wolembayu wamuputa ndani, amayamba andiyang'ana kaye ngati ndalawa kachasu, kenako amafufuza, ndipo nkhope zimayamba kuwala. Kumudzi chigafa chinagwa kalekale, abale anga amalima soya, ndipo azakhali anatisiya. Anthu tsopano amawerenga aliyense payekha, timawaya tili m'makutu, popanda wowadula mawu. Ophunzira anga akamapita kutchuthi ndimawapatsa ntchito imodzi yokha: akapeze kwawo munthu wokonda za eni, amuwerengere ndime imodzi, amulole afunse mpaka atope. Ambiri amabwerako n'kundiuza kuti munthu wotero anamupeza ndithu, koma anali pafoni, ndipo anawauza kuti adikire kaye.