Nyumba Zitatu Zimene Ndinadumpha

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene mayi ananditumiza kwa a Juhan, mkulu wina wochokera ku Estonia amene ankakhala yekha m'chipinda cha pansi pa chathu ku Silver Spring, kutsidya la nyanja kumene tinkakhala. Bambo ankayendetsa galimoto ku ofesi ya kazembe wa dziko lathu, mayi ankaweruka madzulo, ine ndinkangoswera pa wailesi yakanema.

"Maso awo akufa, uzikawalembera," anatero mayi.

A Juhan anathawa kwawo pa boti nthawi ya nkhondo, dziko lawo likulandidwa ndi asilikali a Soviet. Ankalemba mbiri ya kamudzi kawo, nyumba ndi nyumba: anaimanga ndani, anabadwiramo ndani, anathera kuti. Ntchito yanga inali kutayipa zimene zinali m'makope awo akale. Chiyankhulo chawo sindinkachimva ngakhale liwu limodzi. M'chipindamo munkanunkha kabichi ndi mankhwala opaka m'mawondo, ndipo zala zinkandiwawa.

Loweruka lina, anzanga akusewera panja, ndinatembenuza masamba awiri pamodzi mwadala. Mumtima ndinati, munthu wosaona adziwa bwanji?

Nditamaliza anandiuza kuti ndiwawerengere mayina a nyumbazo. Anatsinzina, chala chikuyenda patebulo ngati munthu wotsata msewu. Kenaka chalacho chinaima.

"Wachoka pachigayo, wafika kale kutchalitchi. Pakatipa pali nyumba zitatu."

Ndinanama kuti masamba anamatana. Sanakalipe. Anangousa moyo.

"Anthu a m'nyumba zimenezo anawakweza sitima ya ng'ombe kupita nawo ku Siberia. Palibe anabwerera. Akasowa papepalapo, ndiye kuti asowa paliponse. Nanenso zanditopetsa, mwana iwe. Lembanso."

Ndinalembanso, chilembo chimodzichimodzi, manyazi atandigwira, iwo akuwodzera pampando.

A Juhan anamwalira dziko lawo lisanamasuke. Anthu a kutchalitchi kwawo anabwera kudzanyamula makatoni, ndipo sindidziwa ngati mapepala aja anakafika kumudziko.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti ankalemba chifukwa zakale zinkawakomera. Lero ndakalambira kudziko la eni lomweli, ndipo ndikuona kuti panalibe chokoma pantchito ija. Mudzi waung'ono alibe nawo ntchito olemba mabuku. Amausunga ndi amene anabadwiramo, ndipo a Juhan anali atatsala okha. Akanausiyira yani?